Lezala la Bambo Hafu

Ku Budiriro kuno, mumzinda wa Harare, mukafunsa za malemu a Yoramu Chikuse, anthu ayamba ayang'anana kaye. Koma mukangoti "a Hafu", ngakhale mayi wogulitsa tomato pamjigo akulozerani nyumba yake, n'kuyamba kuseka asanakuuzeni chimene akuseka. Mkulu ameneyu sankakhulupirira kuti padziko pano pali chinthu chimene chinapangidwa kuti munthu achigwiritse ntchito chathunthu. Sopo ankadula pakati. Kandulo ankadula pakati. Kamtengo ka machesi ankakang'amba m'litali mpaka kumutu, kuti kakhale tiwiri. Lezala lawo linkakhala m'lamba wa chipewa, ndipo likatuluka, chilichonse chimene chinali patebulo chinkadziwa kuti nthawi yake yakwana.

Makolo awo anachokera ku Ntcheu kudzafuna ntchito, iwo n'kubadwira ku Mbare. Anakulira pa ntchito yodula nsalu m'fakitale ina ya zovala. Fakitaleyo inatseka kalekale, koma dzanja lawo palibe analiuza.

Ife a mumzere wathu tinkawaseka, ife omwe malipiro amatithera mwezi usanafike n'komwe pakati, ife oyenda ndi foni yaikulu ngati mbale kunyumba kulibe ndiwo. Iwo sankakwiya. Ankatithandiza kuseka.

"Ine ndine munthu wa hafu kuyambira kale," ankatero. "Kuno amati ndine wa ku Malawi, ku Ntcheu amati Chichewa changa chikununkha Chishona. Penshoni nayo inabwera itadulidwa kale pakati. Ndiye mukufuna sopo yekha akhale wathunthu m'nyumba muno, ndi ndani iyeyo?"

Amene anazunzika ndi lezala limeneli kuposa tonsefe anali mkamwini wawo, Lameki Mvula, dalaivala wa kombi, ndiye kuti minibasi, wa ku Kuwadzana, mwana wa anthu ochokera ku Katete. Lameki anali munthu wa dzanja lotayirira. Akathira shuga mu tiyi, supuni inkaima yokha. Tsiku limene anapita koyamba kukaonekera kwa makolo a Nyarai, mwana wamkazi wa a Yoramu, anavala jekete yobwereka n'kukhala pampando mwaulemu, mawondo pamodzi. Mayi Magret, akazi awo a a Yoramu, anabweretsa tiyi. M'kapumo munali kathumba ka tiyi kodulidwa pakati, kosokedwa bwinobwino ndi ulusi woyera. Pambale panali theka la banzi ndi theka la dzira.

Lameki anadya ali wokhumudwa. Nyarai atamuperekeza pageti, iye anati, "Bambo ako sanandifune. Ngati ndi choncho angondiuza."

"Wadya chiyani?"

"Dzira la hafu."

"Mbali iti?"

"Inali ndi chikasu chambiri."

"Ndiye akukonda," anatero Nyarai. "Amene anabwera iwe usanabwere anapatsidwa choyera chokhachokha."

Ukwati unachitika, ndipo kwa kanthawi awiriwo ankachita lendi ku Kuwadzana. Mwini nyumba atakweza lendi kachitatu, Nyarai anamanga katundu n'kunena kuti kwawo kuli chipinda. Umu ndi mmene Lameki anakhalira mkamwini weniweni wa chikamwini pakati pa Harare, anzake a pa renki ya makombi n'kumamufunsa ngati nayenso anamulipirira malowolo. Chipinda chimene anapatsidwa chinali theka la chipinda, chogawidwa ndi katani. Babu linali limodzi, lokhala pabowo limene a Yoramu anaboola pamwamba pa khoma kuti liziwalira mbali ziwiri. Apongozi akafuna kugona, nyumba yonse inkagona.

Lameki anaganiza zoyambitsa nkhondo. Atalandira malipiro anabwera ndi nkhuku yathunthu yootcha, n'kuiika patebulo ngati munthu amene wapha njovu.

"Bambo, lero tidye ngati anthu," anatero.

A Yoramu anaiyang'ana nkhukuyo mbali zonse, dzanja likupita kuchipewa. "A Mvula, dzina lanu anakupatsani molondola. Inu mumangothira, osaona kuti pansi pali ndowa kapena ayi."

Nkhuku imeneyo inatiphunzitsa kuti nkhuku ili ndi ziwalo zimene ngakhale mwini wake sazidziwa. Inadyedwa sabata yonse. Chakumapeto kwake Mayi Magret ankangoviika fupa mumphika wa repu n'kulitulutsanso, ndipo Lameki amalumbira kuti fupalo analiona litayanikidwa pachingwe pamodzi ndi masokosi.

Kumene Lameki anapambanako pang'ono kunali pa machesi. Timitengo tong'amba tija tinkathyoka tisanayake, moti kuyatsa kandulo imodzi kunkatha timahafu tambirimbiri.

"Bambo, kodi apa tikupindula kapena tikuluza?" anafunsa tsiku lina magetsi atazima madzulo, akuyang'ana tizidutswa pansi.

"Vuto si machesi, ndi dzanja losaphunzira. Taonani."

A Yoramu anagwira kamtengoko pafupi ndi mutu, n'kukayandikizitsa kumaso kuti aone bwino, n'kukhwatcha. Kanayaka ndithu. Kanayaka pamodzi ndi ndevu za pamlomo za mbali yakumanzere. Mayi Magret anazizimitsa ndi nsalu yopukutira mbale. Ife tinkati mawa lake ameta mbali yotsalayo, koma ayi, anapita nayo kutchalitchi choncho. Abusa atawayang'anitsitsa, iwo anati, "Moto wandimetera ulere mbali imodzi, abusa. Inayo ndikudikira mwayi wina."

Nkhani imene mpaka lero timaikamba pamaliro aliwonse ndi ya foni. Chinali chaka chimene kolera inabweranso kuno, mawailesi akutchula Budiriro m'mawa ndi madzulo. A Yoramu anaganiza zowadziwitsa achemwali awo a Esinati ku Ntcheu kuti banja lonse lili bwino. Anagula mayunitsi ochepetsetsa, ndipo theka lake anali ataligwiritsa kale ntchito Mayi Magret. Anaimba, n'kuyamba ndi ulemu wonse, kufunsa za ana, za mbuzi, za mvula. Kenako anati, "Kuno ku Harare, achemwali, tonse ta…" Mayunitsi anathera pomwepo.

Iwo ankafuna kunena kuti tadzuka bwino. A Esinati, amene anali atamva za kolera, anamalizitsa okha kuti tatha. Anayesa kuimbanso, koma a Yoramu foni ankaizimitsa akangomaliza kulankhula, kuti batire lipume. Ku Ntcheu anthu analira, n'kusonkherana ya basi, n'kutuma mwana wa a Esinati, chimunthu chachikulu dzina lake Collen, kuti akaone ngati kwatsala woti aikidwe bwino.

Collen anafika pageti maso ali ofiira, n'kupeza amalume ake ali pampando panja, akudula sopo. Anagwada pansi n'kulira ndi chimwemwe. Kenako anati popeza wafika kale, aone kaye Harare.

Anaiona Harare miyezi ingapo. Ndipo Collen sankalidziwa lamulo la m'nyumbamo. A Yoramu akadula banzi pakati, iye ankatenga mahafu onse awiri.

"Zikomo amalume pondidulira," ankatero. "Kwathu timangoluma."

Lameki ankathawira kuseri kwa nyumba kukaseka. Mlendo wobwera kudzakulira sungamuuze kuti akudya kwambiri, choncho a Yoramu anangopirira, akuwonda pamene Collen akunenepa. Tsiku limene Lameki anamuperekeza Collen ku Mbare kukakwera basi, mkuluyo anakhala pansi n'kuvula chipewa.

"A Mvula, m'moyo wanga wonse palibe chinthu chinandidyera chuma ngati mawu awiri amene ndinasunga pafoni paja."

Kuyambira pamenepo akaimba ku Ntcheu ankayamba ndi kunena kuti, "Tili moyo tonse," moni n'kubwera pambuyo.

Kenako inafika nthawi ya korona, makombi n'kuletsedwa kuyenda. Lameki, munthu wa nkhuku zootcha uja, anakhala pakhomo manja ali m'thumba, Nyarai ali ndi pakati. Zinatigwera tonse. Ife amene tinkaseka tinayamba kutseka zitseko tikamadula buledi, kuti aneba asaone kuti kagawo kake n'koonekera kuseri. M'mawa wina Lameki anatenga sopo ndi mpeni wa buledi n'kuzemba kupita kuseri kwa chimbudzi. Sopo anaterereka, mpeni n'kulowa m'chala. Atatembenuka anapeza apongozi ake ataima, manja kumbuyo.

"Sopo sadula wouma, a Mvula. Mumamuika kaye padzuwa afewe, n'kudula ndi ulusi."

"Ndimangoyesa mpeniwu ngati uli wakuthwa, bambo."

"Ndaona. Ndi wakuthwa."

Anamumanga chalacho ndi theka la pulasitala, ndipo nkhaniyi sanaiuze munthu. Tinaimva kwa Lameki mwini wake, patapita zaka.

Kuseka kunamuthera Lameki m'mawa wina pamene analowa m'khitchini kukatunga madzi. Anapeza a Yoramu ataweramira pa mbale yaing'ono, lezala lili m'manja, akudula kapiritsi koyera. Theka anameza iwo, theka anaika pambali pa kapu ya Mayi Magret.

"Bambo, amenewo si mankhwala anu a bipi?"

"Ndi athu."

"Anesi anati lathunthu tsiku lililonse. Ndinalipo ine."

A Yoramu anapukuta lezala pa thalauza. Ananena motsitsa mawu kuti nawonso Mayi Magret anawapeza ndi bipi chaka chatha, kuchipatala mankhwala kulibe, ndipo ku famase ndalama imakwana ya munthu mmodzi. Mayiwo ankakhulupirira kuti dokotala ndiye analamula theka, chifukwa ndi zimene amuna awo anawauza.

"Musamuuze Nyarai, ali ndi pakati. Magazi athu ndi okalamba, a Mvula, sathamanga kwambiri. Hafu iwakwanira."

Lameki analowa kuseri kwa katani n'kuyang'ana sipika yake. Inali sipika yaikulu ngati firiji, imene anagula masiku a ulemerero, imene inkagwedeza malata a mzere wonse pa Khirisimasi. Anaisenza pamutu n'kupita nayo kumashopu, ife tikumufunsa ngati kuli phwando. Madzulo anabwera ndi mankhwala a anthu awiri, a miyezi ingapo, n'kuwaika patebulo.

A Yoramu anawatembenuza mapaketiwo, maso akunyezimira. "Mwachita bwino, a Mvula. Amenewa tikawadula atifikitsa chaka chamawa."

Aka kanali koyamba Lameki kuwakwezera mawu apongozi ake.

"Bambo, sopo dulani. Kandulo dulani. Ngakhale ine mundidule pakati, ndavomera. Koma awa mukawakhudza ndi lezala, ndikauza Nyarai, ndikauza amayi, ndikauza abusa, ndipo ndiimbira a Esinati kuti atumizenso Collen."

Dzina la Collen ndi limene linagwira ntchito. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse Lameki ankaima pakhomo la khitchini ngati wapolisi wa pamsewu, kuonetsetsa kuti piritsi lalowa lathunthu. Masiku oyamba mkuluyo ankalibisa kutsaya, ndiye Lameki ankawafunsa mafunso ataliatali okhudza mpira mpaka kuwawa kuwagonjetse. Atameza, ankapukusa mutu.

"Ndiye anthu olemera amamva chonchi? Palibe kusiyana kulikonse."

Anakhala ndi moyo zaka zina zingapo. Anamuona mdzukulu wawo akuyamba kuyenda, ndipo anamudulira matewera kuchokera ku nsalu ya katani ija, chifukwa Lameki, makombi atabwerera pamsewu, anamanga khoma lenileni. Anatisiya mwezi wa June, m'mawa kukuzizira. Anatulutsa mpando panja kuti awothere dzuwa, limene ankati ndi chinthu chokhacho m'dziko muno chimene sichinakwere mtengo. Mayi Magret atawabweretsera tiyi anapeza chipewa chagwera pamiyendo.

Pamaliro anthu anadzaza mpaka mumsewu. Lameki, misozi ili m'maso, ananena kuti apongozi ake aperekezedwa ndi chakudya chokwanira, afune asafune. Anagula buledi wodzaza kombi. Koma amayi a kumpingo atakhala kuseri kwa nyumba ndi mipeni, manja awo anayamba okha kudula tizigawo topyapyala, wina aliyense akuyang'ana kukhomo ngati mwini nyumba atulukira. Mayi Magret anatuluka m'nyumba ya siwa, chitenje chili kumutu, n'kuima n'kumawaonerera.

"Dulani zokhuthala," anatero. "Pakaninso majarini mbali zonse. Sakuona."

Amayiwo anayang'anana, osadziwa ngati n'kololedwa kuseka.

"Ine zaka zonsezi ndinali ndi sopo wanga wathunthu wonunkhira," anapitiriza motero mayiwo. "Ndinkamusunga kwa aneba athu, amake Munya, kuseriku. Loweruka lililonse ndinkati ndikupita ku mapemphero a amayi, ndikukasamba ngati mkazi wa bwana. Ndikabwera ankandinunkhiza n'kunena kuti mapemphero a masiku ano akununkhira bwino. Ankadziwa, nkhalamba ija. Sanandifunsepo."

Anaseka mpaka kukhala pansi pa thumba la makala, kenako kusekako kunasanduka china, amayi aja n'kuwazungulira.

Tsopano mumzere wathu zinthu zimangotha msanga, ndipo palibe wotiseketsa nazo. Kandulo imayaka yonse mpaka kumbale. Pampando paja palibe amakhalapo. Timadutsa pageti n'kutembenuza mutu kuti tipereke moni, n'kupeza tikupereka moni kwa khoma.

Chimene sitinkachiwerengera n'chakuti kwa munthu wodula zonse pakati kumakhala theka lina nthawi zonse. Tonsefe tinapitako, ngakhale sitinkauzana. Kupempha anyezi wathunthu n'kuvomera kuti zakuvuta. Koma kuima pageti la a Hafu n'kunena mwanthabwala, powatchula agogo m'Chishona, kuti, "Sekuru, hafu inayo ili kuti?" kunali kucheza chabe. Iwo ankakunyoza pang'ono, iwe n'kuwanyozanso, n'kubwerera ndi theka la anyezi kapena la kandulo, ulemu wako uli wonse.

Loweruka lina masana, miyezi ingapo maliro atapita, Lameki ankatsuka kombi pabwalo. Panabwera Mazvita, mayi wamasiye wa nyumba yakumapeto, amene amalera ana a mchemwali wake. Anaima pageti n'kupereka moni. Anakamba za mzere wa kumjigo, za magetsi, za chifuwa cha Mayi Magret. Anayang'ana pamene pankakhala mpando paja, n'kutsanzika, n'kumapita manja ali m'chitenje.

Lameki anapitiriza kutsuka tayala. Kenako anasiya nsanza m'ndowa, n'kulowa m'khitchini, n'kutuluka ndi anyezi wamkulu ndi botolo la mafuta ophikira. Anamupeza asanafike pakona.

"Amayi, mwaiwala izi."

Mazvita anayang'ana anyeziyo, n'kuyang'ana uku ndi uku mumsewu. "Ayi, baba, ife tili bwino. Ndimangodutsa."

"Tengani, kunyumba ziliko zambiri."

"Zikomo, koma ayi. Tili bwino ndithu."

Anapita. Lameki anatsala pakati pa msewu, anyezi dzanja lino, botolo dzanja linalo, ife tikumuonera m'mawindo. Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono, ndipo tinamva akuitana ali pakhomo.

"Nyarai, mpeni uja uli kuti? Undipezerenso kabotolo kakang'ono."

Anamudula anyeziyo mokhota, mbali ina yaikulu, ina yaing'ono, maso akuyoyoka misozi. Anatenga yaikuluyo n'kutulukanso, akuyeserera chapansipansi mawu achipongwe oti akanene pageti la Mazvita.